Khitchini ya Amake Tadala

Lolemba

Kwatentha kale m'mamawa. Phiri la Zomba silikuoneka bwino chifukwa cha utsi wa lupsa.

Alamu anga a Jesi, akulu ake a malemu mkazi wanga, abwera ndi chinangwa chophika pamodzi ndi uthenga. Amalume awo a Chikopa, eni mbumba, akubwera Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. "Akuti tidzakambirane pang'ono," atero alamu, maso ali pa chinangwa.

Kukambirana kwake ndikukudziwa. Ine ndine mkamwini. Ndinabwera kuno ku Domasi kuchokera ku Phalombe ndi njinga ndi sutikesi, tsitsi lonse lili lakuda. Amake Tadala anatisiya nthawi yodula mpunga. Mwambo wake ndi wodziwika: maliro akazizira amakusudzula, amakuthokoza bwinobwino, iwe n'kunyamula zako kubwerera kwanu. Koma kwathu n'kuti? Ku Phalombe kwatsala manda ndi ana a mlongo wanga amene anagawana kale munda. Mitengo yonse ya mango pakhomo pano ndinabzala ndine. Sindikufuna kupita.

Ndaganiza chonchi: munthu amene akumanga sauzidwa kuti anyamuke. Ndikonza khitchini. Amalume akafika apeze yamakono, aone kuti pakhomo pano pali munthu.

Mwana wathu Tadala, amene amakhala ku Blantyre, wanditumizira zithunzi pa foni. Makhitchini oyera ngati ku chipatala. Anthu ake akuphika ataimirira, akuseka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akutuluka misozi. "Adadi, masiku ano khitchini imafuna kuwala ndi mpweya," walemba choncho.

Yathu ili kuseri kwa nyumba. Denga la udzu, zidina zosawotcha, khomo limodzi, mdima wokwanira.

Zoti zichitike pofika Loweruka:
- zenera
- chumuni chotulutsira utsi
- chitofu chophikira choimirira
- njereza pakhoma ponse
- shelefu ya mbale
- pansi posalala

Madzulo ndatulutsa zonse: mapoto, mtsuko, malichero, mithiko, kampando ka amake Tadala. Chimanga cha mbewu chomwe anamangirira kudenga, pamwamba pa moto, ndachitsitsa ndi kuchiika m'dengu pakhonde. Chada ndi utsi, chipume mpweya wabwino.

Chomwe chakana kutuluka ndi thadzi lakuda, limene likufungatira mazira pakona. Landijompha pa chala. Ndalisiya. Tikambirana mawa.

Lachiwiri

Ku Songani kukatenga mmisiri. A Saidi, munthu wamtali, amathyola mango popanda ndodo. Akuti anamangako makhitchini ku Zomba m'tauni, a matailosi ndi sinki. Pensulo ili kukhutu, tepi ili m'chiuno. Ndawakhulupirira.

Ndagula njereza, misomali, thabwa limodzi ndi paipi ya chumuni. Paipiyo ndaimangirira chopingasa pa njinga. Kuchokera ku Songani kufika kunyumba ndapepesa anthu ambiri kuposa amene ndinawapepesa chaka chonse chatha.

A Saidi alowa m'khitchini chowerama, atuluka ali ndi mwaye m'mutu. Phunziro loyamba: "Madala, khitchini yamakono imayenda patatu. Pamoto, pamadzi, pafiliji. Wophika asamayende mtunda."

Ndawerengera zanga. Moto ulipo. Madzi ali ku mjigo, kutsidya kwa msewu. Filiji ili ku Songani, m'golosale ya munthu wina. A Saidi akuti tiika mtsuko, ukhale madzi ndi filiji yomwe.

Phunziro lachiwiri: ayilandi. Ndi tebulo lomangidwa pakati pa khitchini, loti munthu azilizungulira mbali zonse. Pazithunzi za Tadala lilipo, pamwamba pake pali mbale ya zipatso zomwe palibe akudya. Tayeza ndi tepi. Titati timange, wokhoza kulizungulira ndi thadzi lokha. Tasiya.

Masana tachotsa mafuwa. Ndi olemera kuposa mmene amaonekera. Amake Tadala anakatola okha kumtsinje wa Domasi chaka chomwe tinamanga nyumba ino, anabwera nawo limodzilimodzi pamutu. A Saidi amafuna awaphwanye akhale maziko a chitofu. Ndati ayi, ndi olimba kwambiri, angathyole hamala. Ndawagubuduzira pansi pa mango.

Thadzi lajompha tepi ya a Saidi. "Ichi chidyedwe," atero. Ndawauza kuti si langa. Andifunsa kuti ndi la ndani. Ndanena kuti tiyeni tiyeze khoma.

Ntchito ikuyenda. Ndadya chinangwa chotsala dzulo.

Lachitatu

Tsiku la khoma.

Ndapala mwaye kuyambira m'mawa. Mwaye wa zaka zonse zija sugwa pansi, umagwera pa munthu. Nditatuluka kukamwa madzi ndakumana ndi alamu pabwalo. Aima, andiyang'ana, agwada pang'ono. "Odi, abambo. Bambo ake Tadala ndawapeza?"

Kenaka njereza. Ndasakaniza monga andiuzira, ndapaka ndi tsache. Poyamba yayera. Pouma yasintha. Mwaye ukutuluka pansi pake ngati munthu wodzuka kutulo. Ndapakanso. Khoma tsopano likuoneka ngati phala la mgaiwa lomwe lagweramo phulusa. Ndatumiza chithunzi kwa Tadala. "Adadi, mtundu umenewo uli m'fasho chaka chino." Mwana woleredwa bwino.

Masana, zenera. A Saidi ajambula ndi pensulo kabokosi kabwino pakhoma loyang'ana kuphiri. Amenya ndi hamala. Chidina chimodzi chatuluka. Amenyanso. Zatuluka zinayi, ndi zinzake zapansi zomwe sizinaitanidwe. Fumbi. Litatsika fumbi, ndaona phiri lonse la Zomba, munda wa alamu, ndi alamu eni ake ali ndi ndowa pamutu.

"Zidina zosawotcha zilibe khalidwe," atero a Saidi.

Zenera layambira m'mutu kulekeza m'maondo. Tachotsa ndi zotsalazo kuti munthu asapunthwe. Khitchini tsopano ili ndi makomo awiri, chitseko chimodzi.

Mpweya ulipo. Kuwala kulipo. Mbuzi za alamu zadutsamo kale kawiri, kulowera uku kutulukira uko, zaona kuti ndi chidule.

Tadala akuti ku Blantyre anthu akugwetsa makoma mwadala kuti khitchini ionane ndi pabalaza. Akuti dzina lake ndi openi pulani. Ndamuuza kuti yathu ikuonana ndi mudzi wonse.

Alamu atula ndowa, asuzumira pa zenera, alowera pomwepo. Ayang'ana kudenga, ayang'ana pomwe panali mafuwa. Apukusa mutu, atuluka. Bola akanandikalipira.

Zoti zichitike, zowonjezera:
- chitseko chachiwiri
- kapena zidina

Lachinayi

Chitofu chamangidwa. Zidina ndi dothi la pachulu, pamwamba maenje awiri a mapoto, paipi yatulukira kudenga. A Saidi aboola udzu kuti paipi idutse. Bowo lake lakula pang'ono, paipi ili pakati ngati mtengo wa m'dambo. Akuti adzatseka ndi lata.

Ndi chokongola, ndisaname. Vuto ndi limodzi. A Saidi ayeza msinkhu wake pa chiuno chawo. Chiuno cha a Saidi chili pachifuwa panga. Kuti ndione m'poto ndiyenera kukwera pa kampando ka amake Tadala. Kampando kameneka kanapangidwira kukhalapo. Kakulira.

Akuti ndisasonkhepo moto mpaka dothi liume. Iwo atangochoka ndasonkha pang'ono, kungoyesa. Utsi wakwera m'paipi bwinobwino, ndaomba m'manja ndekha. Kenaka mphepo yatsika kuphiri, utsi waganiza zobwerera. Watulukira pa maenje onse awiri, pa khomo la nkhuni, ndi pa ming'alu yomwe sindinaidziwe. Popeza ndinali pa kampando, nkhope yanga inali pamalo oyenera kuulandira. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake amayi amaphika atakhala pansi: utsi umadutsa pamwamba.

Mayi wina wa pafupi wabwera kudzapala moto monga amachitira nthawi ya amake Tadala. Wazungulira chitofu ndi kaphale kake, wasowa polowera. "Moto mwautsekera m'ndende?" Wapita kwina.

Koma nkhani ya lero si imeneyi.

Mbuzi zapeza dengu la mbewu pakhonde. Ndazipeza zili pakati pa ntchito. Chimanga chatsala ndi cha m'manja awiri.

Alamu abwera akuthamanga. Mbuzi ndi zawo, koma wolakwa ndine, ndipo sindikutsutsa. Chimangachi si cha m'sitolo. Ndi cha makolo, choyera cholimba, chomwe amayi awo anawasiyira iwo ndi mng'ono wawo. Cha alamu chinapsa ndi dzuwa chaka chatha. Chomwe chinali kudenga kwathu ndi chomwe chinatsala pa mbumba yonse.

"Alamu, munachitsitsiranji?"

Ndati chinada ndi utsi.

"Utsiwo ndiye mlonda wake. Nankafumbwe amaopa utsi. Chiswe cha m'denga chimaopa utsi. Inu mwagula paipi yochotsera mlonda ntchito."

Atola chotsalacho, akulunga m'chitenje, apita nacho kukhitchini kwawo. Sanatsanzike.

Zaka zonsezi ndimayesa kuti chimapachikidwa kumeneko posowa malo.

Amalume amva zimenezi, n'zosachita kufunsa. Nkhani za mbumba zimayenda mofulumira kuposa minibasi.

Lachisanu

A Saidi sanabwere. Lero ndi la ku mzikiti, anandiuza kale, ine ndinaiwala. Masana ndaimba foni. Akuti akatuluka ali ndi kantchito ku Malosa, abwera Lolemba ndi lata. Lolemba!

Palibe kanthu. Pansi ndikonza ndekha.

Simenti ndilibe, matailosi ndi a pazithunzi. Ndizira ndi dothi monga ankachitira amake Tadala. Ndawaonerera zaka zambiri, sizingavute. Ndapita kudambo ndi wilibala kukakumba dothi lakuda. Amayi a m'minda ya mpunga aimika makasu. "Abambo, mukukamata nkhokwe?" Ndati ndikukazira. Aseka mpaka wina wakhala pansi. Mmodzi wafuula kuti akadzapeza mwamuna wozira, amutumize kwa iye, wake amusiya lero lomwe.

Zomwe ndaphunzira za kuzira:
- maondo amapweteka
- madzi akachepa, dothi silimayenda
- madzi akachuluka, limayenda lokha
- umayambira kukona n'kumabwerera kukhomo

Chomalizachi ndachiphunzira mochedwa. Ndayambira pakhomo. Ndazira bwino ndithu, chafutambuyo, mpaka msana wanga wagunda khoma. Kutsogolo dothi lonyowa lokhalokha. Kumanja thadzi. Tayang'anana. Lafufumitsa nthenga, koma silinandijomphe. Mwina laona kuti ndalangika kale.

Ndakhala pamenepo kudikira kuti paume pang'ono.

Pakona pomwe ndakhalapo dothi lakale likadalipo. Kuwala kwa zenera latsopano kwagwera pomwepo, ndipo ndaona zomwe sindinazionepo mumdima muja: mizere yokhota, ina pamwamba pa inzake, ngati mamba a nsomba. Ndi dzanja la amake Tadala. Pena zala zonse zinayi zikuoneka. Ndaika langa pamwamba. Lawo linali laling'ono kuposa mmene ndimakumbukira.

Pamenepo sindinazire.

Ndatulukira pa zenera, kulumpha kamodzi. Ntchito yake ndaiona.

Madzulo dothi lauma ndi kung'aluka ngati dambo la mwezi uno. Nyerere zayamba kale kugawana mapoloti.

Alamu sanabwere lero. Chinangwa sichinabwerenso. Ndakazinga mtedza pa mbaula ya makala.

Loweruka

M'mawa ndakhoma shelefu. Misomali yalowa m'khoma mosavuta. Yatulukanso mosavuta, pamodzi ndi mbale. Mbale ndi zachitsulo, zangolira basi. Chinthu choyamba sabata ino chomwe chagwa osasweka.

Ndaitsamiritsa pa zidina. Ndi shelefu ndithu, yaifupi chabe.

Masana kwada kuphiri. Ndati ndi utsi. Kenaka kamphepo kozizira, fungo la fumbi lonyowa, ndi kugunda. Chizimalupsa. Chaka chonse mvula inali ndi masiku ambiri oti isankhe.

Yalowera pa bowo la paipi. Yalowera pa zenera. Ina yalowera m'paipi mwenimwenimo, yatsika mwaulemu mpaka m'chitofu. Dothi la pachulu linali lisanaume. Ndaima pakhomo kuonerera chitofu chikutsika pang'onopang'ono: pachifuwa, pamimba, pachiuno. Kwa kanthawi chinafika pa msinkhu wanga weniweni, ndinaona m'poto popanda kampando. Kenaka chapitirira.

Njereza yatsetsereka pakhoma. Pansi pomwe ndinazira pasanduka munda. Ndikanakhala ndi mbande za mpunga ndikanawokera.

Madzi ayamba kulowera kukona ya thadzi. Ndathamangira m'nyumba, ndatenga ambulera ya amake Tadala, ya ku Mvano ija. Ndakumba kangalande ndi chipande, ndatchinga ndi zidina za chitofu, ndanjuta pamenepo ndi ambulera pamwamba pa thadzi ndi pa kadothi kakale kaja. Ine mvula yandipeza kumsana konse.

Ndi mmene andipezera alamu. Abwera atafunda thumba kudzafuna mbuzi zawo, zomwe zausa mvula m'khitchini momwemo. Aima pa zenera. Andiyang'ana ine, ambulera, thadzi. "Alamu, mukhala pamenepo mpaka liti?"

Ndati mpaka ikate.

Akusa mbuzi zawo, apita. Patapita nthawi abweranso ndi tiyi m'kapu, aika pa shelefu yaifupi ija, abwerera kwawo.

Mvula itakata ndamva kulira kwakung'ono pansi pa mapiko. Thadzi laswa. Timitu tikusuzumira, tina takuda, tina ta mawanga. Khitchini ino yatulutsa chinthu chimodzi chabwino sabata ino, ndipo si ine ndachipanga.

Zomwe zachitika pa zomwe ndinalemba Lolemba:
- zenera: lapitirira
- chumuni: ilipo, imalowetsa madzi
- chitofu: chinaliko
- njereza: ili pansi
- shelefu: ilinso pansi
- pansi: pali zonse

Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ndi yomwe ija. Ndaikamo malaya, jekete, Baibulo ndi chithunzi cha ukwati. Malo atsala ambiri. Tadala waimba kufunsa za khitchini. Ndamuuza kuti yatsala pang'ono.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki unali wa Yobu. Bola sunali wa womanga nyumba pa mchenga.

Amalume a Chikopa afika masana pa kabaza, jekete ndi ndodo. Ndi okalamba kwambiri tsopano, koma maso akadali akuthwa. Ndayala mphasa pansi pa mango, ndatulutsa mpando wabwino. Iwo akana kukhala. "Ndamva kuti kuno kuli chitukuko. Tione kaye."

Alowera pakhomo. Agogoda mulu wa chitofu ndi ndodo. Ayang'ana kumwamba kudzera pa bowo, nthawi yaitali, ngati akuwerenga mitambo. Thadzi lawachenjeza, alipatsa ulemu wake. Atulukira pa zenera.

Takhala pansi. Alamu pamphasa, ine pa limodzi la mafuwa aja.

"Bambo ake Tadala, ine ndinabwera kudzamasula munthu," atero amalume. "Mawu ndinakonza kale, abwino, othokoza. Koma mwana wa mlongo wanga anasiya khitchini ya khomo limodzi ndi denga lathunthu. Ndikakumasulani lero, izi akonza ndani? Ine?"

Ndati ayi.

"Mkamwini sasiya bwinja. Mubweze kaye mmene munaipezera. Mukamaliza mutiuze, tidzakhalenso pansi."

Alamu akhosomola. "Amalume, ndi manja awowa? Munthu wozira kuyambira pakhomo? Zitenga zaka."

"Pali amene akuthamanga?" afunsa amalume. Ayang'ana alamu, alamu ayang'ana mbuzi. 

Amwa thobwa, adandaula za mtengo wa feteleza, akwera kabaza wawo.

Ndiye chigamulo ndi chimenecho. Sindinakhululukidwe, ndagamulidwa kukonza. Khitchini yamakono palibe. Ndibweza mdima, ndibweza mwaye, ndibweza khoma lopanda zenera.

Madzulo alamu abwera ndi chitenje chija. Chimanga cha mbewu. Akuti kukhitchini kwawo kuli makoswe, chikhala bwino kuno, mbali yomwe denga silikudontha. Akwera pa kampando, amangirira okha. "Koma pamafunika utsi tsiku ndi tsiku mpaka kubzala. Osati wa m'paipi. Muzisonkha moto, alamu, ngakhale mulibe chophika."

Potuluka adzera pa zenera. Agwira m'mbali mwake potsika, chidina china chagwa. Achiyang'ana. Sanapepese. "Ndipo zidina musaumbe mwezi uno, mvula yayandikira. Sizingaume. Mudikire chilimwe cha chaka chamawa."

Ndagubuduza mafuwa kubwerera m'malo mwake. Maenje ake anali pomwepo pansi pa matope, lililonse lakhala mwake. Paipi ndaizula, ndaiimika kuseri, mwina idzakhala ya china. Bowo ndaphimba ndi thumba. Pa zenera ndapingasa thabwa la shelefu chifukwa cha mbuzi.

Ndasonkha moto, ndakhala pa kampando. Utsi ukukwera, ukudutsa pa chimanga, ukulowa mu udzu. Anapiye atuluka kudzaotha, akuyenda pa kadothi kakale kaja.

Tadala walemba: "Adadi, tumizani chithunzi cha khitchini yatsopano." Ndatumiza cha anapiye.

Malaya ndabweza m'kabati. Sutikesi pamwamba pake.

Zoti zichitike mawa:
- kuuza a Saidi asavutike ndi lata
- kusonkha moto